Maso alibe uku n'kwa apongozi, nanga foni?

Akuluakulu anati maso alibe uku n'kwa apongozi. Mwambiwu unabadwira pachikamwini. Kwa Achewa mwamuna amakamanga nyumba kwawo kwa mkazi, ndipo kuyambira tsiku limenelo moyo wake umakhala wozemba. Akaona apongozi akubwera panjira amapatukira patchire, kaya pali chitedze kaya pali minga. Sadya nawo mbale imodzi, sawatchula dzina, ndipo akafuna kuwalonjera amanjuta chapatali nkhope italoza kwina. Koma mudzi ndi waung'ono, ndipo bafa la udzu silichedwa kubooka. Tsiku lina pochokera kudimba, maso a mkamwini adzagwera pomwe sanafune: apongozi akusamba kudambo, kapena nsalu yawamasuka ali pamtondo. Apo ndi pomwe mwambi umamuwombola. Diso siligogoda, silinena kuti odi. Laona, laona basi.

Chikhululukiro chimenechi sichaulere, ndipo aliyense wokulira kumudzi amadziwa mtengo wake. Mkamwini amene waona zosayenera amazolika, n'kubwerera chafutambuyo osatsokomola n'komwe, nkhaniyo n'kufera m'mimba mwake. Akakaiulula pabawo kapena pamowa, mlanduwo sukhalanso wa maso. Ankhoswe amaitanidwa, nkhuku imatuluka m'khola, mwina banja n'kugwedezeka. Makolo anadziwa kuti munthu sungamuletse kuona, choncho mpanda anaumanga pa zimene munthu amachita akaona.

Mpanda umenewu ndi umene ukugwa masiku ano, ndipo amene akuugwetsa akubisala kuseri kwa mwambi womwewu, ngakhale ambiri a iwo sanaumvepo. Amangounena m'mawu awo: "Komatu anali pagulu. Akanafuna kuti asaoneke, akanakhala kunyumba kwawo."

Lowani m'holo iliyonse Loweruka masana, ku Lilongwe, ku Zomba, ku Kasungu, nthawi ya perekaniperekani. Woyendetsa mwambo waitana akuchikazi. Pakati pawo pali azakhali a mkwatibwi, mayi wachikulire amene wanyamuka kumudzi tambala woyamba atangolira. K2,000 yawo asinthitsa pakhomo kukhala ma K50 okhaokha kuti ichedwe kutha. Mwana amene wavala zoyera uyo anamulera ndi iwo mayi ake atamwalira. Anamugulitsira mbuzi kuti alembe mayeso a Fomu 4. Nyimbo yawalowa. Avula nsapato zimene zakhala zikuwaluma chiyambire kutchalitchi, amanga chitenje m'chiuno, ayamba kudula. Akuponya kandalama kamodzikamodzi m'lichero, duku lapendekeka, thukuta lili chuchuchu, mano awiri akutsogolo palibe, koma akuseka ndi kamwa lonse n'kumaimba nthungululu. M'holo monse anthu aimirira. Ena akupukuta misozi, chifukwa akudziwa chimene chikuvinitsa mayiyu.

Chakumbuyo kuli mnyamata amene wangoperekeza mnzake, sadziwa mkwati, sadziwa mkwatibwi. Wakweza foni. Theka la mphindi lamukwanira. Lamulungu m'mawa kakanemako kali m'magulu a WhatsApp. Lolemba kafika pa tsamba lina la Facebook, pamwamba pake atalembapo za ma K50 ndi za mano. Pofika Lachitatu wina wadula nkhope ija n'kuisandutsa stika, ndipo anthu amene sanapondepo boma limene mayiyu amakhala akuigwiritsa ntchito poseka anzawo. Mwini nkhope alibe foni ya intaneti. Adzamvera kwa mdzukulu, kapena kwa ana asukulu amene ayamba kuwaitana dzina lachilendo akamapita kuchigayo.

Palibe bodza limene lanenedwa m'kanemamo. Anavinadi, ndalama zinalidi ma K50. Koma mnyamata uja watola gule n'kusiya m'holo chifukwa chake. Mbuzi ija, maliro aja, zaka zolera mwana wamasiye, zonse zatsala pampando. Chimene chafika pafoni ndi nkhalamba yopanda mano ikudzigwedeza, ndipo munthu woona zimenezo ali pamzere kubanki alibe china chochita nazo koposa kuseka.

Pabwalo la kwathu, woonerera naye amaoneka. Ukaseka kuvina kwa mnzako, ng'oma yotsatira ikoka iwe, ndipo iye adzakuona mmene miyendo yako ikukanira. Ukanena mawu achipongwe, mlongo wake ali pambali pako, akumva. N'chifukwa chake anthu amamasuka pachikondwerero: aliyense waikapo manyazi ake, palibe amene wabwera kudzaonerera ulere. Woonera pafoni saikapo kanthu. Ali m'chipinda mwake, dzina lake pa intaneti mwina si lake, ndipo palibe ng'oma imene idzamukoke. Amene amati "anali pagulu" amaiwala kufunsa kuti gulu lake liti. Azakhali aja anavomera kuonedwa ndi anthu amene anali m'holo, abale ndi anansi amene analandira khadi. Anthu zikwizikwi a pa TikTok sanawavomere, ndipo palibe anawafunsa. Munda wa m'mbali mwa msewu aliyense wodutsa amauona, amatha kuima n'kuyamikira mmene chimanga chaberekera, koma ndani anamvapo kuti poti uli poonekera ndiye kuti wodutsa athyolemo n'kukagulitsa kumsika?

Kujambula pazikondwerero sikunayambe lero. Dziko la Malawi linakhala lopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999, pomwe TVM inayamba kuulutsa, koma ojambula zithunzi analipo kalekale. Ambiri tikuwakumbukira, ndipo ena akadalipo: amakujambula ukulowa m'holo, n'kuthamangira kukatsukitsa, ndipo potuluka umapeza zithunzi zitayalidwa pansi pakhomo, timiyala titatsamira m'makona kuti mphepo isaziulutse. Umawerama, n'kufunafuna nkhope yako, n'kutsutsana naye mtengo. Chikakusangalatsa umagula. Chikakunyansa umagulabe, kuti chisagone pamenepo anthu n'kumachiponda ndi maso. Chithunzicho chinkapita mu alubamu, alubamu n'kukhala m'kabati, ndipo mlendo akabwera mwini nyumba ndiye ankaitulutsa, n'kukhala pambali pake kumufotokozera kuti awa ndi amalume, apa n'kuti tili ku Mangochi. Tsamba limene sankafuna kuti lioneke ankalidumpha ndi chala. Wojambula ankapeza yake ya sopo, koma nkhope inkabwerera kwa mwini wake. Lero imapita kwa aliyense kupatula mwini wakeyo.

Nkhaniyi imandiwawa kwambiri ndikaganiza za ku Mkaika. Chaka chilichonse, Loweruka lomaliza la Ogasiti, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana kumeneko, m'boma la Katete ku Zambia, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Gule Wamkulu amatuluka wamitundumitundu, ndipo mafoni amakwera m'mwamba mbali zonse za bwalo. Chiyambire 2005, pomwe bungwe la UNESCO linaika Gule Wamkulu m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse, alendo okhala ndi makamera aakuluakulu achuluka. Koma taonani amene ali wotetezeka pabwalo limenelo. Chilombo jambulani mmene mungathere, simudzadziwa za m'kati mwake. Kudambwe foni siloledwa, ndipo mnyamata amene angayerekeze kujambula kumeneko amadziwa yekha chimene chimugwere. Mlandu wake umafika kwa mfumu tsiku lomwelo. Pamenepo tinaonetsa kuti tikafuna kuteteza chinsinsi timatha, ndipo sitidikira lamulo la ku Nyumba ya Malamulo.

Tsono tembenukani muone anamwali. Atsikana amene angotuluka m'tsimba amabwera pabwalo lomwelo atakongoletsedwa monga mwambo ufunira, nkhope poyera, thupi losaphimbika mokwanira, maso pansi. Ambiri mwa iwo ndi ana. Malamulo aakulu a dziko la Malawi, chisinthireni mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Pamaso pa anamkungwi, amayi awo ndi mafumu, kuvina kwawo kuli ndi tanthauzo lake, ndipo bwalo limadziwa kuyang'ana mwaulemu. Kamera ya mlendo imayandikira pomwe diso la munthu wolemekezeka silingaime. Kanemayo akakwera pa intaneti sakhalanso ndi namkungwi womulondera. Amaonedwa usiku ndi amuna amene sadziwa kuti Katete ili kuti, ndipo zimene amalemba pansi pake sindingazibwereze pano. Mtsikanayo adzakula, adzakhala mphunzitsi, namwino, mayi wa mvano, kanemayo ali pomwepo. Chigoba cha mtengo ndi nthenga tachimangira mpanda wolimba chotere, mwana wathu wamkazi n'kumusiya pambalambanda. Izi sizikundikhalira bwino, ndipo sindikhulupirira kuti makolo amene anayambitsa miyamboyi akanazilola.

N'chimodzimodzi ndi zilangizo za m'tauni. Pa bridal shower kapena kitchen party pamafika nthawi imene amuna ndi ana amatulutsidwa, zitseko n'kutsekedwa, alangizi n'kumanga nsalu m'chiuno kuti aonetse mkwatibwi za m'nyumba. Amayi olemekezeka, ena akuluakulu a mpingo, amavula ulemu wawo wa panja kwa kanthawi chifukwa cha mwana amene akulowa m'banja. Chitseko chatsekedwa, koma m'chipindamo muli mafoni makumi angapo, ndipo imodzi yokha ikwanira. Mu Januwale 2012 amayi anavulidwa ndi mavenda m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu chifukwa chovala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo dziko linanyansidwa, anthu anasonkhana kudzudzula mchitidwewo. Kuvula kwa masiku ano kumachitika popanda kugwira munthu, ndipo ochita nawo ndi ambiri kuposa mavenda a tsiku lija, ena mwa iwo amayi anzawo.

Pena chimene chili pachiswe chimaposa manyazi. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kumakhala anthu oposa 50,000 othawa kwawo, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Kuyambira 2014 kumeneko kumachitika chikondwerero cha Tumaini, chimene anayambitsa mlakatuli Menes La Plume, ndipo anthu amachokera ku Lilongwe ndi kunja kukaonera magule, nyimbo ndi zisudzo. Ndi chinthu chokongola, chimene chasintha mmene ambiri amaonera msasawo. Oimba amene akwera pansanja asankha okha kuonekera. Koma m'khamu la oonerera muli bambo amene anathawa anthu omudziwa nkhope, muli mayi amene anathawa mwamuna wa mfuti. Mlendo wokondwa akazunguliza foni yake pakhamulo n'kulemba dzina la malo, akhoza kuuza adani a munthu komwe ali, iye osadziwa n'komwe kuti wachita zimenezo. Kuyambira chakumapeto kwa 2014, abale athu achialubino akhala akubedwa ndi kuphedwa m'dziko muno. Mwana wachialubino amene wavala bwino paukwati wa kumudzi amakopa kamera, ndipo wojambula amaona ngati akumuyamikira. Akaika chithunzicho poyera pamodzi ndi dzina la mudzi ndi la mfumu, walozera njira anthu amene makolo a mwanayo amagona akuwaopa.

Sindikunena kuti mafoni aponyedwe m'nyanja. Mlongo wa mkwati amene akugwira ntchito ku Johannesburg, wopanda mapepala omulola kubwera n'kubwereranso, amaonera ukwati wa mchimwene wake pafoni akulira ndi chimwemwe. Namwino wa ku Manchester amaperekeza maliro a bambo ake kudzera pa Facebook. Tchopa cha ku Chonde pa Mulhako wa Alhomwe, ingoma ya ku Hora pa Umthetho, ngoma ya ku Ntcheu pa Umhlangano, zonsezi zidzafika kwa zidzukulu chifukwa wina anajambula. Ndipo pali anthu amene kamera iyenera kuwatsata popanda kupepesa: wandale amene waima pansanja kulonjeza mlatho, wapolisi amene akumenya munthu pachikondwerero, mkulu amene akugawa ndalama kuti agule mavoti. Amenewo mutu wawo ndi waukulu, sulewa nkhonya, ndipo chimene akuchita pagulu ndi nkhani ya tonse. Azakhali a ma K50 sanapemphe voti kwa munthu. Kusiyanitsa awiriwa sikufuna sukulu. Aliyense amene wagwira foni amadziwa mumtima mwake ngati akujambula kuti asunge chikumbutso, kuti aulule choipa, kapena kuti apeze womuseka.

Pali ndalamanso m'nkhaniyi, ngakhale sitikonda kuitchula. Masamba ambiri amene amaika timakanema totere amakula ndi chiwerengero cha owatsatira, ndipo chiwerengerocho ndi chimene amaonetsa amalonda pofuna kuwatsatsira katundu. Kanema wa munthu wovina mwaulemu sayenda. Amene amayenda ndi wa mkwatibwi amene wagwa, wa bambo amene mowa wamupitirira, wa mayi amene diresi lamuthina. Manyazi a munthu mmodzi akudyetsa munthu wina, ndipo mwini manyaziwo salandirapo ngakhale ya mchere.

Malamulo alipo. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limati ulemu wa munthu sungaphwanyidwe, ndipo gawo 21 limapatsa aliyense ufulu wa chinsinsi. Lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa makina a intaneti limaletsa kuzunza ndi kuvutitsa munthu kudzera pa kompyuta kapena foni. Mu 2024 kunabwera lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, limene bungwe la MACRA linapatsidwa udindo woliyang'anira. Ku Zambia lamulo lotere linakhazikitsidwa mu 2021. Koma tikamva kuti wina wamangidwa chifukwa cha zimene walemba pa WhatsApp, kawirikawiri wodandaula amakhala munthu waudindo. Mayi wa kumudzi adzayambira pati? Ndalama ya minibasi yopitira kupolisi alibe, amene anamujambula samudziwa, ndipo ngakhale khoti litamumvera chisoni, kanemayo ali kale m'mafoni osawerengeka, m'mamemori khadi, m'malo owotchera nyimbo pamsika. Woweruza angalamule kuti tsamba limodzi lifufute. Sangalowe m'thumba la aliyense. Lamulo likufunika, ndipo liyenera kugwira ntchito kwa wosauka monga limachitira kwa bwana, koma limafika mochedwa, nyumba itapsa kale.

Chimene chimafika msanga ndi chala cha munthu wachiwiri. Wojambula ndi mmodzi, koma kanema sayenda yekha. Pagulu la WhatsApp la anthu a mpingo umodzi, la anzathu a kusukulu, la apabanja, wina amalemba kuti, "Amene ali nayo ija ya dzulo atiponyere." Wina n'kuponya. Ena n'kuika tinkhope toseka. Aliyense amadziona wosalakwa poti sanajambule ndi iye, wangopatsira. Mvula ikakuona litsiro sikata: munthu akangoyamba kusekedwa, amatuluka ena omudziwa, uyu akuti amakhala kwakuti, uyo akuti mwamuna wake anamuthawa, wina akuti ndimamudziwa ameneyu ngongole zake. Pofika madzulo, dzina, mudzi, ntchito ndi mbiri ya banja zili poyera, zoona ndi zabodza zitasakanikirana. Pagulu lonselo pamasowa munthu mmodzi wolemba kuti, "Abale, awa ndi mayi a munthu, tiyeni tifufute." Ndaonapo mawu otere atalembedwa, ndipo gulu linakhala chete, kanemayo sanapitirire pamenepo. Anthu ambiri si ankhanza. Amangosowa wowakumbutsa kuti akuonedwa.

Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Mwambi uwu ena amaumva ngati kuopseza, koma m'nkhani ino ukungonena mmene zinthu zilili. Palibe amene adzakhale moyo wake wonse osapunthwa paukwati, osalira mokuwa pamaliro, osavina mopitiriza tsiku limene mwana wake walandira digiri. Ndipo taonani chimene chayamba kuchitika m'maholo mwathu: woyendetsa mwambo akuitana, nyimbo ikulira, koma amayi ena akungogwedeza mapewa ali pampando, n'kupatsira mwana ndalama kuti akaponye. Mukawafunsa amati, "Ayi, a mafoniwa angatiike pa Facebook." Ukwati umene azakhali akuopa kuvina wasowa chinthu chimene kamera yodula chotani singabwezere. Tikapitiriza chonchi tidzatsala ndi zikondwerero za anthu oumitsa makosi, aliyense akudziyang'anira, zithunzi zokongola za tsiku limene palibe anasangalala.

Zotchingira zake sizodula. Woyendetsa mwambo amene amatha kulengeza kuti galimoto yakuti yatseka njira angathenso kulengeza, mwambo usanayambe, kuti eni ukwati alemba wojambula wawo, ndipo amene ajambule ndi foni asaike nkhope ya munthu pa intaneti asanamufunse. Alangizi ali ndi mphamvu zoika beseni pakhomo kuti mafoni onse agone mmenemo mpaka chitseko chitatsegulidwa, ndipo ena ayamba kale kutero. Mafumu amene amateteza dambwe anene mawu omwewo pa anamwali: nthawi yawo ikafika, makamera atsike, atsale okhawo amene bwalo lawadziwa ndipo lawauza malire. Wojambula waganyu alembe m'pangano lake kuti zithunzi za alendo sadzatsatsira malonda ake popanda chilolezo chawo.

Kwa inu amene mukuwerenga, pempho langa ndi laling'ono. Loweruka likubwerali mudzakhala paukwati, pachinkhoswe kapena pamwambo wina, foni ili m'manja. Jambulani abale anu, jambulani keke, jambulani gule. Mukajambula munthu amene simukumudziwa, pitani mukamuonetse, mumufunse kuti, "Amayi, ndiike kapena ndifufute?" Akati fufutani, fufutani iwo akuona. Ndipo kanema wa munthu wina akakufikani pafoni usiku uno, anthu akuseka, musamupatsire wina. Muuzeni amene wakutumiziraniyo kuti inu zotere simulandira.